Momwe mungalembere mayunitsi ndi metadata m'fayilo ya NetCDF kuti wina aimve popanda kukuimbirani foni

Mnzanga wina wa maphunziro a masters anandibweretsera fayilo ya NetCDF, mtundu wa fayilo wosungiramo deta ya sayansi monga ya nyengo, pa flash kuti ndimuthandize kujambula magirafu a mvula. Titaitsegula tinapeza variable (gulu la manambala a chinthu chimodzi choyezedwa) yotchedwa `temp` yokhala ndi manambala ngati 295.4, ndi ina yotchedwa `rain` imene pa tsiku lina la mu Januwale inali 0.0043. Ya `temp` sinativute, tinaona kuti ndi Kelvin, kutanthauza madigiri 22 ndi pang'ono a Celsius. Koma 0.0043 ija inatiimika mutu. Ngati ndi mamilimita, ndiye kuti kunangowaza, fumbi osafa n'komwe. Ngati ndi mamita, monga amalembera a ERA5, deta ya nyengo ya dziko lonse yopangidwa ku Ulaya, ndiye kunagwa mvula ya mamilimita 4.3. Ngati ndi `kg m-2 s-1`, monga amalembera mamodelo a nyengo, mukachulukitsa ndi masekondi 86400 a tsiku limodzi mupeza mamilimita oposa 370, mvula yokokolola milatho. Amene anapanga fayiloyo anali atasamuka ndipo foni yake sinkapezeka. Tinatha masiku atatu tikufananiza manambalawo ndi a kwina kuti tidziwe chimene mawu awiri okha akanatiuza.

Malangizowa ndi oti fayilo yanu isadzavutitse munthu chonchi. Mankhwala ake ndi metadata, mawu ofotokoza manambala a m'fayilo, amene amalembedwa m'tizigawo totchedwa ma attribute, monga `units`. Titenga chitsanzo cha siteshoni imodzi yoyeza mvula ndi kutentha tsiku ndi tsiku, ndipo titsata malamulo a kalembedwe ka metadata otchedwa CF Conventions, amene mapulogalamu ambiri a za nyengo ndi nyanja amawamva.

## Zofunika musanayambe

- Python yokhala ndi `netCDF4`. Ngati mumakonda `xarray`, ikhaleponso.
- `ncdump`, imene imabwera limodzi ndi laibulale ya NetCDF ya Unidata.
- `udunits2`, yoyesera ngati mayunitsi mwawalemba momveka.
- NCO, makamaka `ncatted`, yokonzera fayilo yomwe ilipo kale.
- `compliance-checker` ya IOOS kapena `cfchecks`, zofufuzira zolakwika.
- Tebulo la CF Standard Names. Litsitseni lonse likhale pa kompyuta, musamadikire intaneti nthawi iliyonse.
- Buku la kusiteshoni kapena kabuku ka chipangizo choyezera. Ichi ndiye chachikulu pa zonse, chifukwa mayunitsi enieni ali m'menemo.

## 1. Yambani ndi pepala, kompyuta idikire

Pa variable iliyonse lembani mayankho a mafunso awa: chikuyezedwa n'chiyani, m'mayunitsi anji, pamalo pati, kutalika bwanji kuchokera pansi, kuyambira nthawi yanji mpaka nthawi yanji, ndipo tsiku limene sanayeze amalemba chiyani. Funso limene mwalephera kuyankha, pitani mukafunse amene amawerenga geji ya mvula m'mawa uliwonse. Iwowo amadziwa zimene sizinalembedwe: kuti choyezera anachisuntha chaka chakuti chifukwa mtengo wa mango unakula, kapena kuti Lamlungu sankawerenga ndipo nambala ya Lolemba ndi ya masiku awiri.

Chenjezo: musaganizire mayunitsi poyang'ana kukula kwa nambala. Liwiro la mphepo la 8 likhoza kukhala mamita pa sekondi, ma knot, kapena makilomita pa ola, ndipo onse atatu amaoneka omveka.

## 2. Pangani fayilo ndi kulemba malo

```python
from netCDF4 import Dataset

nc = Dataset("nyengo_2024.nc", "w", format="NETCDF4")
nc.createDimension("time", None)
nc.createDimension("nv", 2)

lat = nc.createVariable("lat", "f4")
lat.standard_name = "latitude"
lat.units = "degrees_north"
lat.assignValue(-13.98)

lon = nc.createVariable("lon", "f4")
lon.standard_name = "longitude"
lon.units = "degrees_east"
lon.assignValue(33.78)
```

Musalembe `degrees` yokha. Mawu oti `degrees_north` ndi `degrees_east` ndi amene amauza pulogalamu kuti iyi ndi latitude, iyo ndi longitude.

Chenjezo: ife tili kumwera kwa equator, choncho latitude yathu imayamba ndi minus ngakhale mayunitsi akunena kuti `degrees_north`. Manambala ali pamwambawa ndi a cha ku Lilongwe. Mukaiwala minus, siteshoni yanu ikaonekera pa mapu ku Sudan. Ndipo ngati GPS yakupatsani madigiri ndi maminitsi, sinthani kaye: madigiri 13 ndi maminitsi 59 ndi 13.98, si 13.59 ayi.

## 3. Lembani nthawi ndi malire ake

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye tikhalapo pang'ono. NetCDF sisunga deti ngati mawu. Imasunga nambala, ndipo `units` ndi imene imanena kuti nambalayo ikuwerengedwa kuchokera liti.

```python
t = nc.createVariable("time", "f8", ("time",))
t.standard_name = "time"
t.units = "hours since 2024-01-01 00:00:00"
t.calendar = "standard"
t.bounds = "time_bnds"

tb = nc.createVariable("time_bnds", "f8", ("time", "nv"))
t[0] = 18
tb[0, :] = [6, 30]
```

Mukapanda kunena dera la nthawi, CF imatenga kuti nthawiyo ndi ya UTC, nthawi imene dziko lonse limawerengerapo. Nthawi ya ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ili patsogolo ndi maola awiri. Tinene kuti pasiteshoni panu amawerenga geji 8 koloko m'mawa. Imeneyo ndi 06:00 UTC. Madzi amene apezeka m'geji pa 2 Januwale m'mawa anayamba kulowa pa 1 Januwale 8 koloko, ndiye malire ake ndi ola la 6 mpaka ola la 30, monga mukuonera pa `time_bnds`. Nambala ya 18 ndi pakati pake.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira za malirewa? Chifukwa wina amalemba mvula imeneyi pa deti la 1, wina pa deti la 2, ndipo onse amati ndi "mvula ya tsiku". Mukadzafananiza siteshoni yanu ndi deta ya setilaiti ngati CHIRPS, mudzaona mvula yayikulu ikusemphana ndi tsiku limodzi, n'kuyamba kukayikira setilaiti pamene vuto ndi deti. Malire akalembedwa, mkangano umenewu sukhalapo.

Chenjezo loyamba: musagwiritse ntchito `months since` kapena `years since`. Kwa UDUNITS, laibulale ya mayunitsi imene CF imatsata, mwezi ndi chaka chogawidwa pa 12, pafupifupi masiku 30.44, ndiye madeti anu amayamba kutsetsereka mwezi ndi mwezi. Ngakhale deta ili ya pamwezi, werengani ndi `days since`.

Chenjezo lachiwiri: nthawi isungeni ngati `f8`, nambala ya mabaiti 8. Mukaisunga ngati `f4`, ya mabaiti 4, ndi masekondi ochokera chaka cha 1970, nambala imakula kuposa mmene `f4` ingasungire molondola, ndipo maminitsi amasokonekera. Komanso ngati deta yachokera ku modelo, onani `calendar` yake. Ena amagwiritsa ntchito `noleap`, yopanda 29 Febuluwale, ena `360_day`, imene mwezi uliwonse uli ndi masiku 30. Siyani mmene ilili, musaisinthe dzina kukhala `standard`.

## 4. Pangani variable limodzi ndi chizindikiro cha malo opanda deta

```python
m = nc.createVariable("mvula", "f4", ("time",), fill_value=-9999.0)
```

`_FillValue` imaikidwa pa nthawi yopanga variable. Mukayesa kuiika pambuyo pake ndi `m._FillValue = ...`, `netCDF4` ikana. Mtundu wake ukhalenso wofanana ndi wa variable: ya `f4` ikhale ndi fill ya `f4`.

Ubwino wake ndi uwu. Tiyerekeze kuti mwezi wa masiku 30 kunkatentha madigiri 28 tsiku lililonse, koma tsiku limodzi sanayeze ndipo munalemba -9999 osauza fayilo tanthauzo lake. Avereji ya mweziwo ituluka -306. Imeneyi mwina muiona msanga chifukwa ndi yosatheka. Choopsa kwambiri ndi kulemba 0 pa tsiku limene sanayeze mvula. Palibe pulogalamu imene idzadandaule, koma mwasandutsa tsiku losadziwika kukhala tsiku la ng'amba, ndipo wowerenga masiku opanda mvula pakati pa dzinja adzapeza chilala chimene kunalibe. Ziro ndi muyezo: munthu anapita, anayang'ana, anapeza geji youma. Pamene sanapite, ikani fill.

## 5. Lembani `units` mmene makina amawerengera

```python
m.long_name = "mvula yonse ya maola 24"
m.standard_name = "lwe_thickness_of_precipitation_amount"
m.units = "mm"
m.cell_methods = "time: sum"
m.coordinates = "lat lon"
```

`long_name` ndi ya anthu, mukhoza kuilemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi malinga ndi amene adzawerenge. `units` ndi ya makina, ndipo makinawo amatsata kalembedwe ka UDUNITS. Misampha imene ndakumana nayo kwambiri ndi iyi:

- `C` si Celsius, ndi coulomb, muyezo wa magetsi. Lembani `degC` kapena `degree_Celsius`.
- `mb` si millibar, ndi millibarn, kamuyezo kakang'onong'ono ka malo kamene amagwiritsa ntchito a nuclear physics. Lembani `hPa` kapena `mbar`.
- `ms-1` amatanthauza "pa millisecond iliyonse". Mamita pa sekondi ndi `m s-1`, ndi mpata pakati.
- Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zimasiyana: `mm` ndi milimita, `Mm` ndi makilomita 1000.
- Chinthu chopanda mayunitsi, monga chinyezi cholembedwa kuyambira 0 mpaka 1, chipatseni `1`. Ngati chikuyambira 0 mpaka 100, lembani `percent` kapena `%`.

Musaike ndemanga mkati mwa `units`. Zonga "mm of rain" kapena "mm, approx" zipite ku `long_name` kapena ku `comment`.

Mukakayikira, funsani `udunits2`. Ikufunsani chimene muli nacho ndi chimene mukufuna. Lembani `mb`, kenako `Pa`, ndipo ikuuzani kuti ziwirizi sizisinthika. Lembani `mbar`, ikupatsani 100 Pa. Ntchito ya masekondi khumi.

Chenjezo lalikulu pa malangizo onsewa: `units` ndi chizindikiro chomata pa thumba, sichisintha zimene zili m'thumbamo. Ngati manambala ali mu Celsius inu n'kulemba `K`, fayilo ikunena kuti pasiteshoni panu pamazizira kuposa madigiri 240 pansi pa ziro. Sinthani manambala kaye, chizindikiro pambuyo.

## 6. Sankhani `standard_name` kuchokera m'tebulo, osapeka

`standard_name` imachokera m'tebulo la CF lokha, chilembo ndi chilembo. Dzina lililonse m'menemo lili ndi mayunitsi ake ovomerezeka. Simukakamizidwa kugwiritsa ntchito omwewo ndendende, koma anu akhale osinthika kupita ku amenewo. `air_temperature` ili mu `K`, ndipo `degC` ndi yololedwa chifukwa imasinthika.

Mvula ndi imene imasokoneza, chifukwa ili ndi maina angapo ofanana:

- `precipitation_amount` imafuna `kg m-2`
- `lwe_thickness_of_precipitation_amount` imafuna utali, monga `m` kapena `mm` (`lwe` ndi liquid water equivalent, kuyeza ngati madzi)
- `precipitation_flux` imafuna `kg m-2 s-1`
- `lwe_precipitation_rate` imafuna utali pa nthawi, monga `mm day-1`

Zoona, kilogalamu imodzi ya madzi itayala pa sikweya mita imodzi imakhala yozama milimita imodzi, ndiye nambala ndi yomweyo. Koma UDUNITS sidziwa kuti mukunena za madzi, imangoona kulemera mbali ino ndi utali mbali inayo. Mukaphatikiza `precipitation_amount` ndi `mm`, chofufuzira chikana. Kwa geji wamba, ine ndimasankha dzina lachiwirilo ndi `mm`, chifukwa ndi mmene zinalembedwera m'buku.

Pa mphepo samalani ndi `wind_from_direction` ndi `wind_to_direction`. A zanyengo amanena kumene mphepo ikuchokera, ndiye mwera wa pa Nyanja ya Malawi ndi wochokera chakumwera. Mukasankha dzina linalo, mwautembenuza.

Ngati chimene mukuyeza mulibe m'tebulo, siyani `standard_name` osalemba, mulimbikire `long_name` yomveka. Kusiya n'kololedwa. Kupeka dzina ndiye kulakwa.

## 7. Nenani mmene nambala inapezekera

Kutentha kwa 31.2 kukhoza kukhala kwapamwamba pa tsikulo, kwa avereji, kapena kwa pa ola limodzi. Zonsezi `standard_name` yake ndi imodzi. Chosiyanitsa ndi `cell_methods`.

```python
h = nc.createVariable("height", "f4")
h.standard_name = "height"
h.units = "m"
h.positive = "up"
h.assignValue(1.5)

tx = nc.createVariable("tmax", "f4", ("time",), fill_value=-9999.0)
tx.long_name = "kutentha kwapamwamba pa maola 24"
tx.standard_name = "air_temperature"
tx.units = "degC"
tx.units_metadata = "temperature: on_scale"
tx.cell_methods = "time: maximum"
tx.coordinates = "lat lon height"
```

Pa `height` lembani kutalika kwenikweni kwa thermometer m'kabokosi koyera kaja. Kayezeni ndi tepi, musangokopera 2 chifukwa ena amalemba 2.

`units_metadata` inabwera ndi CF-1.11 m'chaka cha 2023, ndipo inathetsa vuto lenileni. Kutentha kwa madigiri 2 Celsius ndi 275.15 K. Koma ngati mukunena kuti chaka chino kwatentha kuposa masiku onse ndi madigiri 2, kusiyana kumeneko ndi 2 K basi, osawonjezera 273.15. Pa variable yosunga kusiyana kotere lembani `temperature: difference`.

Pali china chimene mabuku a kusiteshoni amakhala nacho koma chimatayika polowetsa m'kompyuta: tsiku limene kunangowaza mvula yosayezeka, tsiku limene nambala ndi yophatikiza masiku awiri, tsiku limene wolemba anakayikira. Musazitaye, ndipo musazilembe ngati manambala achilendo mkati mwa `mvula`. Zipatseni variable yakeyake:

```python
import numpy as np

q = nc.createVariable("mvula_flag", "i1", ("time",))
q.long_name = "mmene muyezo wa mvula ulili"
q.flag_values = np.array([0, 1, 2, 3], dtype="i1")
q.flag_meanings = "wabwino kuwaza masiku_ophatikiza wokayikitsa"
m.ancillary_variables = "mvula_flag"
```

Mawu a mu `flag_meanings` amalekanitsidwa ndi mpata, ndiye tanthauzo la mawu awiri lilumikizeni ndi `_`. Chiwerengero chawo chifanane ndi cha `flag_values`.

## 8. Lembani za fayilo yonse

```python
nc.Conventions = "CF-1.11"
nc.featureType = "timeSeries"
nc.title = "Mvula ndi kutentha kwa tsiku ndi tsiku, 2024"
nc.institution = "dzina la bungwe lanu"
nc.source = "geji ya mvula yowerenga ndi maso; thermometer ya maximum"
nc.history = "2025-02-10: zakopedwa kuchokera m'buku la kusiteshoni"
nc.comment = "Mvula imawerengedwa 06:00 UTC"
nc.close()
```

`Conventions` imayamba ndi C wamkulu. `history` muziiwonjezera mzere nthawi iliyonse mwasintha kanthu, osafufuta zakale. Ngati fayilo ikupita kwa anthu akunja kwa gulu lanu, onjezani `license` ndi `creator_name`, maina ochokera ku malamulo ena otchedwa ACDD, kuti adziwe ngati akuloledwa kuigwiritsa ntchito ndi woti amutchule.

Musaiwale `nc.close()`. Fayilo yosatsekedwa ikhoza kutsala yosamalizidwa kulembedwa, makamaka magetsi akathima mwadzidzidzi.

## 9. Iyeseni ngati mlendo

```
ncdump -h nyengo_2024.nc
ncdump -t -v time nyengo_2024.nc
compliance-checker --test=cf nyengo_2024.nc
```

Woyamba akuonetsani metadata yonse popanda manambala. Wachiwiri asandutsa nthawi kukhala madeti, ndipo onani ngati loyamba ndi lomaliza akugwirizana ndi buku. Wachitatu akupatsani mndandanda wa zolakwika ndi malangizo. Kenako tsegulani fayiloyo mu Panoply, pulogalamu yaulere ya NASA, muone ngati girafu ili ndi dzina ndi mayunitsi oyenera.

Dziwani kuti chofufuzira chimaona kalembedwe kokha. Sichingadziwe kuti manambala a Celsius mwawatcha Kelvin. Choncho sindikizani nambala yaying'ono ndi yayikulu ya variable iliyonse, muiyang'ane ndi maso a munthu wodziwa dera lake. Pomaliza, mupatseni mnzanu amene sanakhalepo pa ntchitoyo zotuluka pa `ncdump -h`, mumufunse kuti akufotokozereni fayiloyo. Paliponse pamene wakufunsani funso, pamenepo pakusowa attribute.

## Ngati fayilo ilipo kale

Simufunika kuipanganso. Koperani ina yosunga kaye, kenako:

```
ncatted -a units,tmax,o,c,"degC" nyengo_2024.nc
ncatted -a title,global,o,c,"Mvula ndi kutentha, 2024" nyengo_2024.nc
```

Dongosolo lake ndi dzina la attribute, dzina la variable, chochita, mtundu, kenako mawuwo. Chilembo `o` chikutanthauza kulemba pamwamba pa zimene zinalipo, `c` kuti ndi mawu. `ncatted` imalembanso yokha mu `history` zimene mwachita.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kusintha manambala n'kusiya chizindikiro chakale. Mwachulukitsa mvula ya ERA5 ndi 1000 kuti ikhale mamilimita, koma `units` ikadali `m`. Mu `xarray`, malinga ndi veshoni ndi `keep_attrs`, ma attribute mwina amagwa pochita masamu, mwina amatsala mmene analili. Zonse ziwiri ndi vuto. Khalani ndi chizolowezi choti mzere wosintha manambala uzitsatidwa pompo ndi mzere wolemba `units`. Chimodzimodzi mukaphatikiza masiku kukhala mwezi: `cell_methods` ndi `time_bnds` zisinthenso.

Kusokoneza `attrs` ndi `encoding` mu `xarray`. Mayunitsi a nthawi, `calendar`, `_FillValue` ndi `scale_factor` zimakhala mu `encoding`. Mukaika `units` ya nthawi mu `attrs`, posunga fayilo mulandira error. Lembani `ds.time.encoding["units"] = "hours since 2024-01-01"`.

Kuiwala kuti deta ndi yopanikizidwa. Mafayilo ena amasunga manambala athunthu kuti achepe kukula, ndipo nambala yeniyeni imapezeka pochulukitsa ndi `scale_factor` n'kuwonjezera `add_offset`. `units` imanena za nambala yomasulidwayo, pamene `_FillValue` ndi `valid_range` zimalembedwa mogwirizana ndi nambala yosungidwa. `ncdump` imaonetsa yosungidwa, ndiye mukaona 253 pa mvula ya `scale_factor` 0.1, ndi mamilimita 25.3.

Kuika `valid_range` yothina. Mapulogalamu ambiri amatenga nambala yakunja kwa malirewo ngati yosowa. Mukalemba kuti mvula sipitirira mamilimita 200 pa tsiku, mvula ya namondwe ngati Freddy wa mu 2023, imene ofufuza akuifuna kwambiri, idzabisika popanda chenjezo. Malirewo akhale a zosatheka, osati a zosazolowereka.

Kuika mayunitsi m'dzina lokha. Dzina ngati `mvula_mm` limathandiza munthu, koma pulogalamu siliwerenga, ndipo likhoza kunama manambala akasinthidwa. Likhalepo ngati mukufuna, koma `units` ikhalepo ndithu.

Kuphatikiza mafayilo osayang'ana. Siteshoni ina ili mu `degC`, ina mu `K`, ndipo pulogalamu yophatikiza imangotenga ma attribute a fayilo yoyamba. Musanaphatikize, sindikizani `units` ya fayilo iliyonse muone ngati zikufanana.

Kutumiza CSV yokha. Nthawi zambiri amene akufuna deta yanu, kaya ndi a ulimi kaya a zaumoyo, amapempha yotsegula mu Excel, ndipo metadata yonse imatsala mu NetCDF. Apatseni CSV imeneyo, koma ikani mayunitsi pa mutu wa kolamu iliyonse, malo opanda deta muwasiye opanda kanthu m'malo molemba -9999, ndipo muonjezere kafayilo kachiwiri kopangidwa ndi `ncdump -h nyengo_2024.nc > metadata.txt`. Ziwirizi muziike mu zip imodzi musanatumize, chifukwa pa WhatsApp ndi pa imelo anthu amapatsirana fayilo imodzi yokha, inayo n'kutsala m'njira.